Tsiku Limene Ndinayamika Chimbale Choipa

Chimbale chija n'choipa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ku Chintheche kuli anthu amene angakulumbirireni kuti anandimva ndi makutu awo ndikuchiyamika. Sakunama ayi. Ndinachiyamikadi, pakhonde la munthu, anthu atadzaza pabwalo. Koma tsiku limenelo banja la mwana wa mlongo wanga linali pafupi kutha, ndipo munthu yekhayo amene akanathandiza kulikonza anafuna kuti ndiyambe ndagwada pa nkhani ya nyimbo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito pa esiteti ya mphira, yocheka makungwa a mitengo kuti utomoni utsikire m'tizikapu. M'chikwama mwanga munali malaya, bulangete ndi kaseti ya bandi ina ya ku Blantyre. Dzina lake sinditchula, poti eni ake ndi akuluakulu tsopano ndipo ali ndi zidzukulu. Anali anyamata a magitala olusa. Wa lidi akaigwira gitala, inkalira ngati yakwiyira munthu. Wa bezi ankakugunda m'mimba, wa ng'oma ankatha malaya ndi thukuta, ndipo woimba akakuwa thupi linkachita tsemwe. Ntchito ya mphira munthu amaigwira ali yekha ndi mpeni wake pakati pa mizere ya mitengo, udzudzu ukumudya m'khosi, kapitawo akubwera m'mbuyo kudzaona ngati wavulaza mtengo. Nyimbo zimenezo ndi zimene zinkandichotsa pa mtengo uwu kundifikitsa pa wina. Wailesi ikatafuna kaseti ndinkaibweza ndi bolopeni, ikaduka ndinkailumikiza ndi utomoni womwewo wa mphira. Atabwera kudzaimba ku Mzuzu ndinanamizira malungo, ndinakwera pa lole ya matabwa, ndipo ndinabwerako mawu atatheratu.

M'dera lonse lino munali munthu mmodzi yekha amene ankaikonda bandi imeneyi kufika pamene ndinkaikondera ine. Anali mkulu wina wa ku Bandawe, mwini ukonde wa usipa ndi mabwato, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Sitinali mabwenzi a ponda apa m'pondepo, koma tinkabwerekana makaseti, ndipo tikakumana pa msika tinkaima mpaka dzuwa kutipsereza tikutsutsana kuti ndi nyimbo iti imene gitala inalira koposa. Iye ankanditchula kuti ada, ulemu wa kuno. Ine ndinkati akulu.

Bandi ija inadzakhala chete zaka zambiri. Tinkangomva kuti wa ng'oma anamwalira, wa bezi analowa bizinesi ya matayala. Makaseti anatha, nyimbo zinalowa m'mafoni. Kenako tsiku lina pa wailesi analengeza kuti madala aja abweranso ndi chimbale chatsopano. Abale, ndinasangalala ngati wauzidwa kuti m'bale wako amene anasowera ku Joni ali pa depoti. Loweruka lake ndinakwera minibasi kupita ku Chintheche kukachiikitsa mu kamemore ka mu foni, ndipo m'njira sindinachiyatse ayi. Ndinafika kunyumba, ndinasamba, ndinathamangitsa ana pakhonde, ndiye n'kuyatsa.

Nyimbo yoyamba inayamba ndi kiyibodi, yolira ngati tizidole ta ana timene amagulitsa pa msika. Ndinati mwina akutenthetsa manja, gitala ikubwera. Ng'oma zinalowa, koma sizinali ng'oma za munthu, zinali za pa kompyuta, tiki-tiki, tiki-tiki, zosatopa, zosakwiya, zopanda thukuta. Mawu a woimba uja anawadutsitsa m'makina mpaka ankamveka ngati akuimbira m'botolo. Nanga zimene ankaimbazo! Anthu amene kale ankaimba zoti mabwana azimva kuwawa, tsopano ankatilangiza kuti tizilemekeza makolo ndi kudzala mitengo. Ine amene ndakalambira m'mitengo, andiuze za mitengo? Pakatikati panali nyimbo ina imene anaitanirapo woimba rapu kuti azithamangitsa mawu ngati kondakitala. Gitala ndinaimva kumapeto kwenikweni, patali, inangolira pang'ono n'kusowa. Mkazi wanga anandipeza nditakhala duu, n'kundifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Musaganize kuti ndinachida mopupuluma. Ndinachipatsa mpata. Ndinachimvera m'mawa, ndinachimvera nditakhuta, ndinachimvera ndi zomvera za m'makutu ndikucheka mitengo, ndikuti mwina vuto ndi sipika yanga. Tsiku lina ndinachimvera nditamwako pang'ono, poti mowa umakometsa ngakhale kwaya ya ana. Chinakhalabe choipa.

Kutha kwa mwezi ndinapita kukameta ku Chintheche. Babashopu ya kumeneko ndi bwalo la milandu ya mpira ndi nyimbo, ndipo tsiku limenelo chimbale chija n'chimene chinali pa sipika. Pa benchi panali anthu odikira, ndipo kumapeto kwake kunakhala mkulu wa ku Bandawe uja, chipewa chili pa bondo.

Wometa anali atamaliza mbali imodzi ya mutu wanga pamene ndinati, "Achimwene, zimitsani zimenezo, mungagone muli chiimire n'kundidula khutu."

Wometa anaseka. Iye anati nyimbo zoyambirira zilibe vuto kwenikweni, zinazo ndiye ndi zongodzazira. Dalaivala wina wa minibasi anati kwa iye chimbalecho n'chothandiza ndithu, chifukwa akachiika anthu amagona ndipo sadandaula za kuthinana. Bambo wina wogulitsa nsomba zouma anati ana ake amachikonda, ngati kuti tinafunsa za ana. Mphunzitsi wina wa ku pulayimale anati chimbale chotere chimafuna kuchizolowera, sichilowa tsiku limodzi. Ndinamuyankha kuti ngakhale nsikidzi munthu amazizolowera, koma sitiziyamika. Anthu anaseka, ndipo ine mtima unayamba kukoma.

Apo m'pamene mkulu uja anatsegula pakamwa.

"Ada," anatero, "chimbale ichi n'chabwino. Ndi cha anthu okhwima. Amene akuchinyoza akufuna kuti munthu wa imvi azidumphabe ngati mwana wa sukulu."

"Akulu," ndinatero, "palibe akufuna kuti adumphe. Tikufuna gitala. Gitala ili kuti?"

"Ilimo. Imafuna makutu."

"Makutu ndili nawo. Iyi si bandi yathu ija ayi. Awa ndi madala amene abwereka kiyibodi ya ku tchalitchi."

"Mako ndi mako, ada, usamuone kuchepa mwendo."

"Bandi si mayi wanga! Mayi wanga sanandigulitsepo chinthu chowola."

Anatembenuza chipewa chake pa bondo paja, osafulumira. "Anthu awa anakuimbirani muli mnyamata, mulibe ndi nsapato zomwe. Lero dzanja lawo lalemera pang'ono, mwayamba kuwatukwana m'babashopu. Nanunso mpeni wanu udzayamba kuphonya khungwa. Tidzaona ngati mudzakondwe anthu akamakusekani."

Akanasiyira pomwepo bwenzi nditangotsonya, n'kumetetsa mutu wanga, n'kumapita. Koma anawonjezera, akuyang'ana anzake a pa benchi, osati ine: "Vuto la anthu obwera ndi limeneli. Chilichonse amachiyesa mtengo wa mphira. Chikasiya kutulutsa utomoni, dulani."

Obwera! Ine amene ana anga onse anabadwira kuno, amene ndakumba nawo manda a anthu a kuno, amene ndadya kondowole mpaka m'mimba kuzolowera, lero ndikhale wobwera chifukwa cha kiyibodi? Ndinadzuka nsalu ya wometa ili m'khosi.

"Akulu," ndinatero, "makutu anu munawaviika limodzi ndi chinangwa, ndipo mpaka lero simunawavuule."

Kuno chinangwa amachiviika m'madzi mpaka chifewe n'kuyamba kununkha asanapange ufa wa kondowole, choncho aliyense anamva bwinobwino zimene ndinkanena. Pa sipika tiki-tiki uja ankangopitirira. Ndinaponya nsalu pa mpando n'kutuluka, mutu uli wometa mbali imodzi, ndipo ndinakwera nawo minibasi choncho. Anandimalizitsa ndi mkazi wanga ndi lezala, uku akundikumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinati unditsate, undipeza ndili pano.

Kuyambira pamenepo moni unatha. Patapita masiku, kondakitala wina anandipatsira jumbo, mkati muli makaseti anga akale amene mkulu uja anabwereka, opanda ndi uthenga womwe. Nane ndinasonkhanitsa ake n'kubweza ndi kondakitala yemweyo. Tikakumana pa msika, aliyense ankapeza chochita ndi tomato wa mbali ina. Anthu anagawanika ngati pa chisankho: a ku esiteti ambiri anali kumbali yanga, a kunyanja kumbali yake, ngakhale ena mwa iwo sanachimvepo chimbalecho mpaka kumapeto.

Tsopano za mwana uja. Ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa wobala wekha, malume ndiye mwini mbumba. Anabwera kudzakhala nafe atamaliza sukulu, n'kupeza ntchito mu golosale ku Chintheche. Ndi mtsikana wofatsa, woseka dzanja lili pakamwa, koma akakwiya amatengera malume ake. Kumeneko anaonana ndi mnyamata wina wokhoma mabwato. Mnyamatayo ndinamuona ndipo ndinamukonda: wolimbikira ntchito, wosamwa, wopereka moni atavula chipewa. Nditamva kuti ndi wa ku Bandawe sindinaganize kanthu, Bandawe ndi yaikulu. Nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine, panalibenso wina. Tsiku loti akuchimuna abwere kudzaonekera ndinatulutsa mipando, ndinavala jekete. Amene anatsogola kulowa pabwalo langa, ndi chipewa chake chomwe chija, anali mkulu wa ukonde. Mnyamata uja anali mwana wa mchimwene wake wamkulu, ndipo nkhoswe ya kuchimuna anali iyeyo.

Ukwati tinauyendetsa tikukukuta mano. Pa chinkhoswe tinasinthana nkhuku, iye tambala, ine thadzi, aliyense akuyang'ana nkhuku osati mnzake. Pa madyerero anaonetsetsa kuti chimbale chija chalira, ndipo ankavina pang'onopang'ono kutsogolo kwa tebulo langa, akundiyang'ana cham'mbali. Ndinapirira. Ndinati anthu akangobalalika, ine ndi iye tathana. Ndinalakwitsa kuwerengera, chifukwa ntchito ya ankhoswe imayamba ana akalowa m'nyumba.

Chaka chisanathe, masana ena ndikuchokera ku ntchito ndinapeza mwana uja atakhala pakhonde langa, chikwama pambali, maso ali psuu, pakati pakuonekera kale. Nkhani yake inali ya kondowole. Chitengereni pakati, fungo la chinangwa choviika linkamusanzitsa, ndiye anayamba kuphika ufa wa chimanga mu mphika wake. Apongozi ake aakazi anati akunyoza chakudya cha pamudzi, n'kuyamba kumulankhulira m'mbali pa chitsime ndi ku tchalitchi. Anapirira, anapirira, tsiku lina anayankha. Mwamuna wake, m'malo moziziritsa nkhani, anati, "Ngati za kuno zakukola, msewu ndi uwo." Mwana uja ananyamula chikwama.

"Amalume, ine banja langa ndikulifuna," anandiuza atadya. "Ndinangopsa mtima basi."

Koma mkazi akachoka pa banja ndi chikwama sabwerera yekha ngati akuchokera ku chigayo. Akatero wadzivula ulemu mpaka kalekale, ndipo apongozi akhoza kumubweza pakhomo. Ankhoswe a mbali zonse ayenera kukhala pansi, aliyense alankhule zake, wolakwa adzudzulidwe, ndiye mkazi alowenso m'nyumba anthu akuona. Ndipo nthawi inali yochepa. Mnyamata uja anali atakonza kale ulendo wa ku Joni kukafuna ntchito, galimoto yowatenga inali pafupi kunyamuka. Akanapita nkhani isanakambidwe, mwana wanga akanachira pakhomo panga, wosadziwika ngati ali pa banja kapena ayi. Za ku Joni tonse timazidziwa, zaka zimatha munthu asanapondenso kwawo.

Mnyamatayo anabwera yekha mozemba, anakhala pansi pa mtengo wa mango, misozi ili m'maso. Anati mkazi wake akumufuna, koma mayi ake anenetsa kuti popanda ankhoswe asapondenso pakhomo. Ndinamufunsa kuti nanga bambo ake aang'ono, ankhoswe anzanga, akuti chiyani. Anayang'ana pansi.

"Akuti amalume a mtsikana miyendo ali nayo."

Ndinayesa kumuimbira foni mkulu uja, inkangoitana. Ndinatuma uthenga kudzera kwa wometa, yankho linabwera lomwelo. Ndinatukwana m'nyumba mpaka mkazi wanga anatseka mawindo. Mwana uja sankandikakamiza ayi, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipweteka koposa. Ankasesa, ankatunga madzi, koma minibasi ikaima pa msewu ankasiya tsache n'kuyang'ana kuti atsike ndani. Zovala zake sanazitulutse m'chikwama. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinapsa mtima kuti chisoni chimenechi chikundikokera pakhomo pa munthu amene ananditcha wobwera. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Loweruka m'mawa ndinavala jekete, ndipo ine, mkazi wanga ndi mwana uja tinakwera minibasi ya ku Bandawe.

Tinamupeza pakhonde akusoka ukonde. Mkazi wanga ndi mwana uja anakakhala pa mphasa pansi pa mtengo, chapatali pang'ono. Ine ndinaima n'kuodira.

"Timuwoneni, ada," anatero, moni wa kuno, nkhope ili ngwee ngati tinasiyana dzulo. Anandipatsa mpando wandalema, anaitanitsa tiyi.

"Akulu," ndinayamba, "tabwera ndi nkhani ya ana athu."

"Aa, ada, mlendo sayamba nkhani asanapume. Nkhani sithawa."

Analowa m'nyumba. Ndinkayesa akukaitana mlamu wake, mayi wa mnyamata uja. Anatuluka atanyamula sipika, n'kuiika pa tebulo pakati pathu, moyang'ana ine. Anadina foni yake. Kiyibodi ija inayamba.

Abale, ndakhalapo pa mizere ya kuchipatala, ndadikirapo minibasi yosadzaza, koma dzuwa loyenda pang'onopang'ono ngati la tsiku limenelo sindinalionepo. Iye anabwerera pa ukonde wake, akusoka, mutu ukugwedezeka. Nyimbo ikatha ndinkatsegula pakamwa, iye n'kukweza chala: "Tamvani iyi." Anthu a pamudzi anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena ndi mipando yawo. Nkhani ya makutu ndi chinangwa inali itafika kuno kalekale, ndipo aliyense ankafuna kumuona mwini mawuwo. Amayi ena ankatsinana. Apongozi a mwana wanga anakhala pakhomo la khitchini atapinda manja. Mnyamata uja anaima kuseri kwa bwato losamaliza kukhoma, akusowa poyang'ana.

Ndinamva nyimbo yolemekeza makolo. Ndinamva ya mitengo. Tiyi anazizira m'kapu, ntchentche inagweramo, ndinaisiya momwemo. Ndinkayang'ana sipika ija n'kumayeza m'mutu ngati dzanja langa lingathe kuiponya kuchoka pakhonde mpaka m'nyanja. Kumtengo kuja mwana wanga ankangozula tiudzu m'mbali mwa mphasa.

Kenako inafika ya rapu ija. Woimbayo atangoyamba kubwebweta, ndinaona chala chachikulu cha mkulu uja chikutsetsereka pa foni, pansi pa ukonde, mwakachetechete. Nyimbo inaduka, inalowa yotsatira. Anaidumpha! Munthu amene anandinyoza pagulu chifukwa cha chimbale chimenechi analephera kuipirira nyimbo imeneyo pakhonde lake lomwe. Ndinamuyang'ana, nayenso anandiyang'ana. Anadziwa kuti ndaona, ndipo anadziwanso kuti sindinganene kanthu. Anamwetulira n'kupitiriza kusoka. M'moyo wanga sindinadanepo ndi munthu monga mmene ndinamudera iyeyo nthawi imeneyo.

Chimbale chinatha. Anazimitsa foni, anaika ukonde pansi, anapukuta manja pa thalauza.

"Ankhoswe anzanga," anatero mokweza kuti ndi a kumtengo omwe amve, "tsiku lija m'babashopu munali phokoso, mwina simunachimve bwino. Lero mwachimva modekha. Mwachiona bwanji?"

Mayankho ndinali nawo ambiri, onse akuthwa. Ena ndinakhala ndikuwanola miyezi yonseyi ndili ndekha m'mitengo. Ndinayang'ana kumtengo kuja. Mwana wanga anali atasiya kuzula udzu, dzanja lili pamimba, maso ali pa ine.

"Chili bwino," ndinatero.

"Pepani, ada, makutu angawa mukuwadziwa, anaviikidwa. Mwati bwanji?"

Bwalo lonse linaphulika kuseka. Mayi wina anachita kugwira mnzake paphewa kuti asagwe.

"Ndati n'chabwino."

"Gitala mwaimva?"

"Ndaimva."

"Nanga poyerekeza ndi zakale zija?"

Apa ndiye anandiponda pachilonda. Zakale zija! Iye ankazidziwa bwino monga ine, nyimbo ndi nyimbo, ndipo ankadziwa chimene akundifunsa. Mkazi wanga anakhosomola kumtengo kuja, ndipo chifuwa chimenecho ndimachidziwa tanthauzo lake.

"Chikuposa zakale," ndinatero.

"Yewu, zikomo ada. Mwamva nonse." Anatembenukira kukhitchini. "Alamu, tabwerani kuno. Itanani ana."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mlanduwo anauweruza bwino. Ndinkalakalaka akondere, kuti ndipeze chifukwa china chomudera. Ayi ndithu. Anamuuza mnyamata uja kuti mawu oti msewu ndi uwo satuluka m'kamwa mwa mwamuna wanzeru, agwade apepese. Anauza mlamu wake kuti mayi woyembekezera sasankha chomusanzitsa, ndipo iye yemwe ali ndi pakati pa mnyamata yemweyu ankathawa fungo la usipa, mudzi wonse ukukumbuka. Mayiyo anayang'ana kumbali, anthu n'kuseka. Ine ndinadzudzula wanga kuti apongozi sayankhidwa munthu ali chiimire, ndipo chikwama sichinyamulidwa malume asanamve. Tiyi wachiwiri asanawire nkhani inali itatha, nkhani imene akanatha kuithetsa tsiku loyamba lomwe. Mwana wanga ananyamula chikwama chake n'kulowa m'nyumba mwake, amayi akuimba nthungululu. Mtima wanga unakhala pansi pa za iye, zimenezo sindikana.

Mkulu uja anandiperekeza mpaka pa msewu, poti mlendo amaperekezedwa ngakhale ali mdani. Mkazi wanga atatsogola, tinatsala awiri.

"Akulu," ndinatero, "ya rapu ija munaidumpha."

"Chala chinaterereka, ada. Manja a msodzi."

"Mukudziwa bwinobwino kuti chimbale chija n'choipa."

Anayang'ana kumene kunkachokera minibasi. "Mwanena nokha kuti chikuposa zakale. Anthu amva."

Mnyamata uja anapitadi ku Joni. Amatumiza thandizo, amaimba foni, ndipo amabwera pa Khirisimasi. Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa bwino, ndipo agogo ake a kondowole aja ndi amene samutsitsa kumbuyo. Banja lilipo, pa zimenezo ndilibe dandaulo. Ku Chintheche ndinasiya kumeta, chifukwa ndikangolowa wometa amafunsa ngati aike chimbale chathu chija. Anzanga a ku esiteti, amene anali kumbali yanga, amati ndinagulidwa ndi usipa.

Zonsezo ndikanazipirira. Chimene sindinachiganizire ndi mwana wanga. Iye anakhulupirira. Chikulireni sanawamvepo malume ake akubweza mawu kwa munthu, ndiye atamva ndikunena pagulu kuti chimbale chikuposa zakale, anatenga kuti ndi mmene zilili mumtima mwanga. Tsiku loyamba kupita kukaona khanda ndinapeza sipika yaikulu imene mwamuna wake anatumiza. Asanandipatse ndi madzi omwe anati, "Amalume, ndakusungirani nyimbo zanu zija." Ulendo uliwonse ndi choncho. Chimbale chija amachiyamba poyambirira ndipo sadumpha ngakhale imodzi. Mkulu wa ukonde akangomva kiyibodi amadziwa kuti ndafika, amabwera ndi mpando wake kudzandipatsa moni.

Kangapo ndafuna kumuuza. Koma ndimuuze kuti chiyani? Iye tsiku lija amalikumbukira ngati tsiku limene akuluakulu awiri anaiwala mkangano wawo chifukwa cha iye. Ndimuuze kuti malume ake anachita kugwaditsidwa pamaso pa mudzi kuti iye alowe m'nyumba mwake? Adzawayang'ana bwanji anthu amene amadya nawo tsiku ndi tsiku?

Ulendo wathawu ndinamumva kukhitchini akutsutsana ndi mnzake wina amene ankanyoza chimbalecho.

"Iwe, usatsutse," ankatero. "Amalume anga nyimbo amazidziwa, ndipo sanama. Poyamba nawonso ankachida, koma atachimvera bwino anavomera okha pamaso pa anthu."

Kenako anasuzumira pakhonde, mwana ali m'manja, n'kundifunsa ngati akweze pang'ono. Ndinati akweze.